Dikishonale ya Oxford ya ophunzira Chingerezi: tayiyesa pa mawu awiri okha, borrow ndi lend

Imani pakhonde la sukulu iliyonse kuchoka ku Linthipe ku Dedza mpaka ku Nsipe ku Ntcheu nthawi ya mayeso, simutha mphindi khumi musanamve mwana akuuza mnzake kuti "Borrow me your pen." Mnzakeyo amamva, napereka cholemberacho, nkhani n'kutha. Vuto limabwera chiganizo chomwecho chikalowa papepala la mayeso a MANEB kapena m'kalata yopempha ngongole, chifukwa kumeneko chimadulidwa ndi cholembera chofiira. Ndiye poyesa Oxford Advanced Learner's Dictionary sitinawerenge kuti muli mawu angati. Tinangotenga mawu awiri otsutsanawa n'kufunsa kuti, kodi bukuli lingamuchotse Mchewa m'dzenje limeneli?

Yankho lake ndi lakuti inde, koma osati palokha. Pali gawo la ntchito lomwe bukuli silingagwire, ndipo ndi bwino kulidziwa musanatulutse ndalama.

Dikishonale imeneyi inayamba ndi mphunzitsi wa ku England, A. S. Hornby, yemwe ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan. Inatuluka koyamba ku Tokyo mu 1942, ndipo a Oxford University Press anayamba kuisindikiza mu 1948. Mbiri imeneyi ndi yofunika chifukwa ikusonyeza mwini wake wa bukuli: silinalembedwere munthu woyamwira Chingerezi, koma wochiphunzira atakula kale ndi chiyankhulo china. N'chifukwa chake silimangonena tanthauzo la mawu, limasonyezanso momwe mawuwo amakhalira m'chiganizo, chomwe chimabwera patsogolo pake ndi chomwe chimatsatira. Makope omwe mungakumane nawo kuno ndi a 2000, 2005, 2010, 2015 ndi 2020, kutanthauza kusindikiza kwachisanu ndi chimodzi mpaka kwachikhumi. Onse ndi zibuku za masamba oposa 1,500.

Tiyambe ndi gwero la matendawa, lomwe bukuli silitchula n'komwe. M'Chichewa mneni "kubwereka" amayenda mbali zonse ziwiri. "Ndinabwereka khasu kwa amalume" ndiye kuti khasulo ndi la amalume, ine ndinakatenga. Koma "Amalume anandibwereka khasu" ndi Chichewa chabwinobwino, ndipo apa wobwerekayo ndi mwini khasu. Mneni sanasinthe, chomwe chatiuza kolowera khasulo ndi kachidutswa -ndi- kali m'katimo. Tili nayenso mneni "kubwereketsa", koma pocheza ambiri sativutika naye. Timangoti "Tandibwerekaniko njinga, ndifike pa Bembeke." Mwana akaphunzira kuti borrow ndi kubwereka, amanyamula chiganizo cha Chichewa chonse n'kuchiveka malaya a Chingerezi: ndibwereke, borrow me. Sikuti mwanayo ndi mbuli. Akutsatira lamulo lolondola la chiyankhulo cholakwika.

Chingerezi chinagawa ntchitoyi pawiri ndipo sichilola kusinthana. Borrow ndi wa wolandira: chinthu chikubwera kwa mwininkhani, yemwe ndi wochita ntchito m'chiganizomo. Lend ndi wa wopereka: chinthu chikuchoka kwa mwininkhani. Funso limodzi limathetsa mkangano nthawi zonse: kodi munthu ali kumayambiriro kwa chiganizoyu ndi mwini chinthu? Ngati ndi mwini, mneni ndi lend. Ngati si mwini, ndi borrow.

Apa ndi pomwe Oxford imaposa timadikishonale ta m'thumba togulitsidwa pansi pamsika. Mukatsegula pa borrow, tanthauzo lisanayambe mupeza kamzere kakuda kooneka ngati samu, kosonyeza kuti pambuyo pa mneniyu pamabwera sth, kenako from, kenako sb. Zidule ziwirizi ndi zomwe zimasokoneza ogula ambiri: sth ndi something, chinthu, sb ndi somebody, munthu. Kachizindikiro kokhotakhota ~ kamaimira mawu omwe mukuwafufuzawo, kuti asamalembedwe mobwerezabwereza. Ndiye kamzereko kakuti: borrow, chinthu, from, munthu. "Chisomo borrowed a hoe from her uncle." Palibe njira ina yomwe yaikidwa yolola munthu kubwera moyandikana ndi borrow. Kusowa kwa njira imeneyo ndiye phunziro lake, ngakhale bukuli silikuwa kuti taonani.

Pa lend mupeza njira ziwiri. Yoyamba: lend, chinthu, to, munthu. "Her uncle lent a hoe to Chisomo." Yachiwiri: lend, munthu, chinthu, popanda mperekezi aliyense. "Her uncle lent Chisomo a hoe." Njira yachiwiriyi ndi yomwe imafanana ndendende ndi "ndibwerekeni" wathu, moti mwana pakhonde paja ankafuna kunena kuti "Lend me your pen," kapena kutembenuza n'kuti "Can I borrow your pen?" Zonse ziwiri ndi zolondola, ndipo yachiwiriyo ndi yaulemu kuposa inzake. Kwa aphunzitsi kapena munthu wamkulu, "May I borrow" kapena "Could you lend me" ndi zomwe zimafika pa ulemu wa "mungandibwerekeko".

Makope a 2000 ndi 2005 amagwiritsa ntchito zizindikiro zina, monga VN ndi VNN. V ndi mneni, N ndi dzina. VNN ndi mneni wotsatiridwa ndi mayina awiri, munthu kenako chinthu. Pa lend chizindikiro cha VNN chilipo, pa borrow palibe. Makope atsopano anasiya zimenezi n'kumangolemba sb ndi sth poyera, zomwe ndi zosavuta kwa wa Fomu 2. Ngati mukusankha pakati pa kope lakale lotchipa ndi latsopano, kusiyana kwenikweni pa nkhani ya aneni ndi kumeneku. Matanthauzo a borrow ndi lend sanasinthe kuyambira nthawi ya agogo.

Palinso kabokosi kapadera kamutu wakuti Which word, komwe mawu awiriwa aikidwa pamodzi n'kusiyanitsidwa m'mizere yochepa. Kabokosika ndi kabwino, koma ndi kakafupi kwambiri kwa munthu yemwe cholakwikacho chinamera kale mizu. Kamanena kuti anthu amasokoneza mawuwa, osanena chifukwa chake, poti chifukwa cha Mchewa si cha munthu wa ku Japan. Mphunzitsi kapena kholo ayenera kuwonjezerapo yekha. Njira yomwe imagwira ndi iyi: lembani chiganizo cha Chichewa chokhala ndi kubwereka, muuzeni mwana aloze mwini chinthu, kenako aone ngati mwiniyo ndi mwininkhani, ndipo pomaliza ndi pomwe atsegule dikishonale kuti atengemo kamangidwe ka chiganizo. Ziganizo khumi patsiku kwa sabata imodzi, zisanu za mbali iyi ndi zisanu za mbali inayo, zosakanizidwa. Mukayamba ndi dikishonale mwana amaloweza tanthauzo, mawa lake n'kubwerera kwa borrow me.

Cholakwika china ndi cha ana omwe anadzudzulidwapo pa borrow me n'kuyamba kumuopa borrow yenseyo. Amenewa amati "Can I lend your bicycle?" Kwa womva Chingerezi, chiganizochi chikupempha chilolezo chotenga njinga yanu n'kukabwereketsa munthu wachitatu. Mwini njinga atati ayi, musadabwe.

Tsopano nkhani ya ndalama, pomwe zinthu zimatembenuka. Apa Chichewa ndi chomwe chili ndi mawu ambiri. Khasu timabwereka, chifukwa lidzabwerera lomwelo. Ndalama kapena chimanga timakongola, chifukwa chobwerera ndi china cholingana nacho. Wopereka amakongoza. Chingerezi sichisiyanitsa zimenezi: borrow ndi kubwereka komanso kukongola, lend ndi kubwereketsa komanso kukongoza. Mayi wa banki m'khonde ku Tsangano yemwe watenga K50,000 yogulira mbewu ya kachewere, pa Chingerezi "she borrowed K50,000 from the group," ndipo gululo "lent her K50,000." Chodabwitsa n'chakuti ophunzira salakwitsa kawirikawiri akamaganiza kudzera mu kukongola ndi kukongoza, poti palibe amene amati "ndikongoleni" akufuna ngongole. Mphunzitsi wochenjera amayambira pamenepa: borrow aphunzitsidwe ngati kukongola, lend ngati kukongoza, kenako ndi pomwe alowetse makasu ndi njinga.

Oxford imathandiza bwino pa mawu ozungulira nkhani ya ngongole, bola mudziwe kuti muyenera kuyendayenda m'bukumo. Loan ndi dzina, ngongole yeniyeniyo, ndipo zitsanzo zimasonyeza aneni omwe amayenda nalo, monga take out ndi repay. Bukuli limasonyezanso kuti loan amagwiritsidwa ntchito ngati mneni wofanana ndi lend, makamaka ku America. Pa mayeso ndi m'makalata a kuno, komwe timatsatira Chingerezi cha ku Britain, lend ndi amene sangakugwetseni. Borrower ndi wokongola, lender ndi wokongoza, ndipo mawu awiriwa ndi omwe amakhala pamwamba pa mizere yosainira pa fomu ya ngongole. Kusaina pamzere wolakwika n'kotheka ndithu kwa munthu yemwe m'mutu mwake mawu onsewa ndi kubwereka. Owe ndi kukhala ndi ngongole: "I owe him K5,000." Kubweza ndi give back kapena return pa chinthu, pay back kapena repay pa ndalama. Bukuli lili nawo mawu onsewa, koma ambiri ali pa masamba osiyanasiyana. Silikusonkhanitsirani banja lonse pamalo amodzi, ndiye khalani ndi kope lolembamo pambali.

Msampha waukulu kuposa yonse, womwe olemba dikishonale ku Oxford sakanaulota, ndi wa l ndi r. Kwathu kuno zilembo ziwirizi ndi pachibale, timati Chingerezi kapena Chingelezi osamva kusiyana. Mawu a Chingerezi akuti rent tinawatenga kalekale n'kuwasandutsa lendi: nyumba ya lendi, kulipira lendi, munda wa lendi. Ndiye khutu la Mchewa likamva lend limamva lendi. Zotsatira zake ndi ziganizo ngati "My father lends a garden at Lizulu," pomwe mwanayo akufuna kunena kuti bambo ake amalipira dimba la eni ake kuti alimemo kabichi. Chiganizocho chalakwika kawiri: mneni ndi wina, ndipo kolowera chinthu kwatembenuka, bambo aja asanduka mwini dimba. Cholondola ndi "My father rents a garden." Lamulo lake ndi lakuti pakakhala kulipira chifukwa chogwiritsa ntchito chinthu cha mwini, si borrow kapena lend ayi. Ndi rent pa nyumba ndi munda, ndi hire pa chinthu cha nthawi yochepa monga lole yonyamula matumba a kachewere kupita ku Lilongwe. Mwini nyumba yemwe akulandira lendi, "rents out" nyumbayo. Ndalama zokha ndi zomwe zimakhalabe pa borrow ndi lend ngakhale pali chiwongoladzanja, ngakhale chikhale cha katapila.

Vuto lomweli limagwira pofufuza mawu. Mwana yemwe amalemba bollow adzayendetsa chala pa tsamba lolakwika n'kunena kuti mawuwo mulibe. Dikishonale ya pepala siikhululukira kalembedwe. Aphunzitseni kuti akasowa mawu okhala ndi l ayesenso ndi r, ndipo aziyang'ana mawu otsogolera pamwamba pa tsamba m'malo motsegula tsamba ndi tsamba.

Nthawi yakale nayo ili ndi zake. Borrow ndi wosavuta, amangolandira -ed. Lend sakhala lended, amakhala lent, ndipo Oxford imaika zimenezi pambali penipeni pa mawuwo, komanso pa mndandanda wa aneni osatsata lamulo kumapeto kwa buku. Timadikishonale tina ta m'thumba timadumpha zimenezi pofuna kusunga malo. Mukafufuza lent payekha mupezanso Lent wa chilembo chachikulu, nyengo ya Lenti yomwe akhristu a ku Bembeke ndi kwina amasunga Pasaka asanafike. Palibe ubale pa tanthauzo, kungofanana nkhope. Ndipo lent ndi rent akusiyana chilembo chimodzi chokha chija chomwe sitichimva, ndiye pomwe ana amagwera kwambiri ndi pa nthawi yakale.

Katchulidwe ndi gawo lomwe buku la pepala limalephera kwa owerenga ambiri. Limalemba katchulidwe ndi zizindikiro zapadera zomwe ana ambiri sanaphunzitsidwe, ndipo ngakhale tebulo lozifotokoza lilimo, kuwerenga chizindikiro si kumva mawu. Apa tsamba la pa intaneti la Oxford Learner's Dictionaries limaposa buku: ndi laulere, lili ndi matanthauzo a dikishonale yomweyi, ndipo mukadina kachizindikiro ka sipika mumamva mawuwo m'katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America. Mverani lend, land, rent ndi lent motsatizana kangapo, mudzamva pomwe lilime likuyenera kugunda. Kufooka kwake ndi kodziwika: pamafunika foni yamakono, bando ndi netiweki, ndipo m'zigwa zina za kuno netiweki imachita kusakidwa pachulu. Komanso foni siloledwa m'kalasi m'sukulu zambiri.

Pali matanthauzo ena omwe bukuli limapereka m'munsi, ndipo ndi oyenera kuwawerenga. Borrow amagwiranso ntchito pa mawu otengedwa ku chiyankhulo china, monga momwe ife timanenera kuti mawu obwereka. Sukulu ndi buledi tinabwereka ku Chingerezi, nsapato ndi mbatata ku Chipwitikizi cha anansi athu a kutsidya kwa malire. Lend ali ndi zining'a zake, monga lend a hand, kuthandiza pa ntchito. Wophunzira yemwe angamasulire chining'achi liwu ndi liwu adzadabwa kuti dzanjalo libwezedwa liti. Chomwe bukuli silinena momveka n'chakuti borrow amafuna chinthu chonyamulika. Chimbudzi cha eni ake simuchita borrow, mumati "Can I use your toilet?"

Matanthauzo onse amalembedwa m'Chingerezi chosankhidwa, cha mawu pafupifupi 3,000 odziwika kwambiri, omwe a Oxford amawatcha Oxford 3000. Kwa wa Fomu 3 ndi Fomu 4, mphunzitsi, mlembi wa komiti kapena wolemba makalata a ntchito, izi ndi zokwanira. Kwa wa Sitandade 8 kapena Fomu 1 yemwe akuvutikabe kuwerenga ndime yathunthu, bukuli ndi lolemera, m'manja ndi m'mutu momwe. Amafufuza liwu limodzi n'kupeza ena awiri osawadziwa m'tanthauzo lake. Mwana wotere amafunika dikishonale ya Chingerezi ndi Chichewa pambali. Koma samalani, chifukwa pa mawu athu awiriwa timabuku tina ta ziyankhulo ziwiri timaika "bwereka" pa borrow ndi "bwereka" yemweyo pa lend, n'kumusiya mwana pomwe anali. Ziwirizi zimafunika kugwira ntchito pamodzi, ya Chichewa ipereke tanthauzo, ya Oxford ipereke kamangidwe. Zitsanzo zambiri za mu Oxford ndi za moyo wa ku Ulaya, ndiye mphunzitsi azisandutsa za kuno: ngolo, mpope wopopera tomato, chitenje cha ku ukwati.

Kodi ndi yoyenera ndalama zake? Poti munthu sangalandire satifiketi ya MSCE osakhoza Chingerezi, ndipo buku limodzi limatha kutumikira ana onse a pakhomo motsatizana, tikuti inde kwa banja lokhala ndi mwana wa sekondale. Kusintha chiganizo kuchoka pa "Mavuto lent me his calculator" kupita pa "I borrowed a calculator from Mavuto" ndi ntchito yomwe kamzere ka sb ndi sth kaja kamaphunzitsa mwachindunji, ndipo luso lomwelo limagwira pa awiriawiri ena osokoneza, monga teach ndi learn kapena bring ndi take.

M'mashopu a mabuku pa boma la Dedza ndi Ntcheu silipezeka nthawi zonse, ambiri amaitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kapena kugula logwiritsidwapo kale ntchito. Pali kope lotchedwa International Student's Edition, la chikuto chofewa ndi zilembo zing'onozing'ono, lomwe limatsika mtengo. Mawu ake ndi omwewo, koma kwa wowerenga ndi nyali ya batire usiku zilembozo zimatopetsa maso. Musanalipire, chitani izi. Tsegulani pa borrow ndi pa lend muone ngati tizizindikiro ta katchulidwe tikuoneka bwino, chifukwa makope achinyengo amaonekera pa tizilembo tating'ono tomwe timafufutika, ndipo inki ya buluu ya mawu otsogolera imakhala yotumbuluka kapena yosefukira. Yendetsani chala m'mphepete muone manambala a masamba m'malo anayi kapena asanu, poti masamba akasowa amasowa mtolo wonse, osati limodzi. Litseguleni pakati n'kuliika pathebulo: likamalira ngati likuthyoka msana, guluu wake ndi wouma ndipo masamba adzayamba kuthothoka teremu isanathe. Ngati wogulitsa akukweza mtengo ponena kuti muli CD kapena nambala yolowera pa intaneti, dziwani kuti pa buku lakale nambalayo kawirikawiri inagwiritsidwa kale ntchito, ndipo makompyuta ambiri amakono alibenso polowetsa CD.

Pepala lake ndi lopyapyala ngati la Baibulo ndipo limamwa chinyezi msanga. Chifunga cha mu June ndi July cha ku mapiri kuno chimakwinyitsa masamba, ndipo buku losiyidwa pansi kapena lotsamira khoma la zidina ndi chakudya cha chiswe. Likutireni ndi pulasitiki yolimba, msana wake muumate ndi tepi yaikulu lisanayambe kung'ambika, ndipo lizikhala chogona pashelefu, osati m'chikwama cha mwana tsiku ndi tsiku. Lembaninso dzina lanu m'mphepete mwa masamba ndi cholembera chosafufutika, mbali zonse zitatu, chifukwa m'mudzi dikishonale ikakhala imodzi anthu obwera kudzati "borrow me" sachedwa.